Mvuu Yanga Inalipira Mpando Mpaka ku Chembe

Amene akunena kuti ndinapita kunyanja kukasangalala abwere adzandiuze pamaso. Ndinapita ndi mvuu yamtengo yolemera ngati nkhumba ya pa ukwati, ndipo kuchokera pakhomo panga mpaka ku Chembe palibe malo amene sindinatukwane kapena kutukwanidwa. Ndikufuna nkhaniyi muimve kwa mwiniwake, chifukwa pa Golomoti ayamba kale kuithira mchere.

Ine ndine Damiano, wosema ziboliboli. Sukulu ndinalekeza msanga, koma kasemasema ndinakagwira ndili wamng'ono kwa amalume ku Mua, ndipo kandidyetsa mpaka imvi. Malo anga anali pansi pa mlambe waukulu, kufupi ndi pamene msewu wa ku Monkey Bay umapatukira. Azungu opita ku paki ya ku Cape Maclear ankaima pamenepo okha, osawaitana. Ankajambula mlambe, kujambula chigwa, ng'ombe, mapiri a ku Dedza kumbuyo uko, ndipo pobwerera kugalimoto ankapunthwa pa ziboliboli zanga. Ndinkaziyala dala panjira.

Kenako kunabwera a sola. Anagula minda, ndi wanga womwe umene anandisiyira bambo. Chipukuta misozi tinalandira, sindinama, chinathera pa malata ndi pa maliro a apongozi. Anagwetsa mitengo, anasalaza, anazunguliza waya, n'kuyala magalasi akuda mizeremizere mpaka diso kutopa. Mlambe sanaudule, akuti amaulemekeza. Uli mkati mwa mpanda ngati wandende. Magetsiwo amakwera mawaya kupita kutauni. Kwanga, kumene tambala akalira alonda a kampani amadzidzimuka, timayatsa tochi ya mabatire.

Azungu analeka kuima. Aimirenji? Magalasi ali nawo kwawo.

M'munda mwa bambo munali nsangu yaikulu. Ataigwetsa ndinakakoka thunthu lake ndi ngolo, ndipo ndi limene ndinasemapo mvuu. Ndinali ndi wogula m'mutu: mayi wina wa ku Blantyre amene ali ndi loji yogona alendo ku Chembe, anthu amangomutchula kuti Madamu. Kale ataima pa mlambe anandiuza kuti ndikadzasema mvuu yaikulu yakuda ndidzamubweretsere, akaike pakhomo pa loji.

Tsopano mumve bwino apa. Mlendo safuna mtengo woyera. Amafuna phingo, wakuda bii. Koma phingo anatha kalekale, ndipo wotsalayo boma limaletsa kudula. Ndiye ife tonse osema m'mphepete mwa msewu uno timatenga mtengo umene tili nawo, kuuwawula pamoto pang'ono, kuupaka polishi wakuda wa nsapato, kupukuta, kupakanso, mpaka uwale ngati mphumi ya munthu wodya bwino. Ndiye wogula akafunsa timati ndi phingo. Si kuba kumeneko, ndi ntchito. Mkwatibwi akadzipaka paudala mumamumanga? Polishi yense wa m'magolosale a pa Mtakataka ndinamaliza ine pa mvuu imeneyi.

Chimene chinandinyamula ndi mkazi wanga, amake Rozina. Mvula inali itangosiya, udzu utatalika paliponse. Anabwera kuchokera kumjigo n'kutula ndowa mwamphamvu.

"Kapitawo wa ku sola akufuna anthu otchetcha udzu pansi pa magalasi. Ndamupempha, wakusungirani malo."

"Ine? Nditchetche udzu m'munda mwa bambo anga, nditavala chipewa cha pulasitiki, mwana wa dzana akundiloza ndi chala?"

"Ndiye tidya ulemu wanuwo? Chinyama chanuchi chatenga malo a matumba m'nyumba muno. Pitani nacho kwa Madamu wanuyo. Mukabwera nacho ndichiwaza nkhuni, ndipo inu mukagwira chikwakwa."

Ndinalumbira pa manda a bambo kuti chikwakwa cha kampani imeneyo sindidzachigwira. Iye anangoti, "Nkhwangwa ndanola kale."

M'mawa mwake mlamu wanga anandithandiza kukweza mvuu pangolo. Ndinaikulunga m'chitenje chakale koma mutu unali pamtunda, kukamwa kuli yasa. Ana a m'mudzi anatithamangira mpaka kumsewu. Mlamu ananditsitsa pamphambano, moyang'anana ndi mpanda wa a sola, n'kutembenuza ng'ombe osatsanzika bwino. Ankaseka.

Pamenepo ndinakhala mpaka mthunzi wanga unalowa pansi pa mapazi. Mthunzi wa mlambe ndinkauona uko, wozizira, mkati mwa waya, mlonda atagonamo pa mpando chipewa chili kumaso.

Inabwera galimoto ya azungu, ndipo inaima. Ndinavundukula mvuu msangamsanga, kuipukuta ndi malaya. Anatsika mayi wamtali wovala kabudula, kamera ili pakhosi. Anayang'ana magalasi, kuyang'ana mlambe, n'kupukusa mutu ngati wafika pa maliro. Analankhula zambiri. Ndinafunsa dalaivala wake, munthu wakuda mnzanga, kuti akuti chiyani.

"Akuti anabwera kuno kale, malo ano anali okongola. Akuti awonongeka."

"Muwauze kuti mvuu iyi sinawonongeke."

Anawauza. Mayiyo anamwetulira mvuu, kumwetulira ine, n'kulowa m'galimoto. Chisoni chake chonsecho anapita nacho, osasiyako ngakhale pang'ono.

Posakhalitsa inaima ina, yaikulu yoyera, yodzaza mabwana a matayi ochokera ku Lilongwe. Awa anasangalala kwambiri. Anaima pamzere kutsogolo kwa mpanda, mimba patsogolo, kuti ajambulidwe ndi magalasi. Wojambulayo anandikodola.

"Madala, tasunthani kaye chinthu chanucho. Chikulowa m'chithunzi."

Ndinamuuza kuti achisunthe yekha ngati ali ndi msana. Anayesa, anasiya, n'kusuntha mabwanawo.

Minibasi ya ku Monkey Bay inafika dzuwa litakula. Kondakitala anali bambo wa dazi wa mawu osasa. Anazungulira mvuu ngati akugula mbuzi.

"Kumbuyo sikukwana, kuli matumba. Ichi chikhala pampando, ndipo chilipira ngati munthu."

"Munthu wake uti? Chimapuma? Chimatsika kukakodza?"

"Chili ndi matako, madala. Chilichonse cha matako chimalipira."

Ndinakangana mpaka malovu kuuma, ndinalipira. Anaikhazika mvuu pakati, ine mbali iyi, ndipo mbali inayo panali mayi wonenepa wovala bulauzi yoyera mbee ndi duku loyera, wa gulu la amayi a kutchalitchi. Anati dzina lake ndi Nangozo, akupita ku Chembe ku msonkhano wa amayi, ndipo ndi iye akatsogolere nyimbo. Anayang'ana mvuu m'kamwa.

"Abambo, chimenechi si chamizimu?"

"Ndi phingo weniweni, mayi. Mtengo wa mafumu. Mukhala moyandikana ndi chuma lero."

Ndinanena mokweza kuti onse amve, chifukwa wogula sumadziwa kumene akhale. Wina kumbuyo anafunsa kuti phingo wamkulu chonchi ndinamupeza kuti. Ndinati amene amadziwa nkhalango amadziwa.

Tinadutsa ku Bwanje, mpunga uli chikasu mbali zonse, anthu akumweta. Sindinaone zambiri chifukwa khutu la mvuu linali m'nthiti mwanga. Paliponse pamene galimoto yagwa m'dzenje, ine ndi Mayi Nangozo timalira pamodzi ngati kwaya. Anthu ankatsika mmodzimmodzi ndi makasu awo, mpaka tinatsala ochepa. Kondakitala anayamba kunong'onezana ndi dalaivala, ndipo ndinadziwa. Pa kamsika kena anaimitsa pafupi ndi pikapu yakutha yodzaza matumba a mpunga.

"Tsikani nonse, mukwere iyo. Ife tabwerera."

Anatigulitsa. Aliyense woyenda msewu umenewu amadziwa kugulitsidwa. Koma anagulitsa anthu okha, mvuu sanaiwerengere. Mwini pikapu, Che Yusufu, nkhalamba yoonda ya kofia ndi ndevu zoyera, anakana.

"Wallahi, za nyama sanandiuze. Nyama ilipire payokha."

"Yalipira kale mpaka ku Monkey Bay!"

"Yalipira kwa iwo. Akufunseni iwo."

Ndinacheuka, minibasi inali fumbi lokha. Ndinalipira kachiwiri. Mvuu imeneyi inayenda ngati nduna.

Kumbuyo kwa pikapu kunalibe denga. Dzuwa la kuchigwa limenelo si la masewera, chitsulo chinkawotcha kudzera m'thalauza. Mayi Nangozo, poopa kugwa, anakumbatira mvuu pakhosi ndi manja onse awiri, chifuwa chili pamsana pake, akuimba chapansipansi. Chitenje chimene ndinakulungira chinali chitatsetsereka kalekale. Ine ndinamva fungo. Fungo limenelo ndimalidziwa kuposa la mkazi wanga. Polishi anali atayamba kusungunuka. Ndinangoyang'ana kumbali, kuwerengera mbuzi za eni.

Kufupi ndi Chantulo tayala linaphulika. Che Yusufu anatsika modekha, anayang'ana, n'kunena kuti lapadera lilipo koma linaphulika sabata yatha. Anachotsa tayala, n'kulikweza pa kabaza kupita nalo kokamata. "Ndibwera pompano, Insha Allah." Mawu amenewo mukawamva, funani pogona.

Tinatsika. Mayi Nangozo anadziyang'ana pachifuwa, n'kukuwa ngati walumidwa ndi njoka. Bulauzi yonse kutsogolo inali bii, manja bii, ndi tsaya lomwe.

"Mayo ine! Abambo inu, chinthu chanu chandichita chiyani?"

Anthu anandizungulira. Pamenepo munthu umasankha msanga. Ndinati, "Pepani mayi, phingo weniweni amatero. Akatenthedwa amatuluka thukuta. Wabodza satuluka."

"Thukuta lonunkha nsapato?"

"Nsapato ndi zimene zimanunkha phingo."

Wina anavomereza kuti anamvapo zimenezo. Nthawi zonse pamakhala wina amene anamvapo. Mayiyo anapempha madzi ndi sopo pa nyumba ina, anachapa, zinangofalikira. Anakhala pansi pa mtengo wa mango atafunda chitenje, akundiyang'ana ngati ndine Yudasi.

Tinadikira. Tinadya nzimbe, tinadya zitumbuwa zouma, tinadikiranso. Ndinati ndimuimbire Madamu kuti ndikubwera, foni inali itazima. Panali kagolosale kamene kanali ndi kagalasi ka sola padenga, kakang'ono ngati thireyi. Mwini wake anati kutchaja n'kolipira.

"Dzuwa ndi lako?" ndinamufunsa.

"Dzuwa ndi la Mulungu, bambo, koma waya ndi wanga."

Ndinathawa magalasi kwathu, ndawapezanso kuno akundidya. Ndinalipira, ndikutukwana. Foni itayaka Madamu sanayankhe.

Che Yusufu anabwera dzuwa litapendeka, tayala lili ndi zigamba ngati thalauza la mphawi. Tinayenda pang'onopang'ono moti njinga zinkatipitirira. Tinafika pamphambano ya msewu wa ku Mangochi kutada, ndipo anati sapitirira chifukwa nyali za galimoto yake zimayaka zikafuna. Malo amenewo amawatchula kuti Mtakataka Turn-off. Tangoganizani, tsiku lonse pamsewu, kulipira kawiri, n'kukagona pamalo otchedwa dzina la kufupi ndi kwathu. Ndinagona pakhonde la sitolo mwendo uli pa mvuu.

Kutacha Che Yusufu anati mpunga wina akukatula ku Chembe komweko, ndiye tipitire limodzi. Mayi Nangozo anakhala kutsogolo, anati sakhalanso ndi satana. Tinapatuka tisanafike ku Monkey Bay n'kuyamba kukwera mapiri a m'paki. Kumeneko ndiye kuli mitengo, abale. Ndinaiyang'ana ngati munthu wanjala akuyang'ana mbuzi ya eni. Anyani anali atakhala pamsewu osafuna kusuntha. Wina anakwera pamatumba, anayang'anizana ndi mvuu, n'kudumpha akukuwa. Ndinanyada. Nyani sanama.

Pachipata tinapeza agemu, asilikali osamala paki aja, awiri, mfuti zili paphewa. Wamkulu anali mayi wamfupi wosaseka. Anayang'ana matumba, kenako anaona mvuu.

"Ya ndani iyi?"

"Yanga, bwana. Ntchito ya manja anga."

"Mtengo wanji?"

Pakamwa panga pazolowera yankho limodzi kwa zaka zonsezi, ndipo linali litafika kale pa lilime. Koma ndinaona mfuti, ndinaona mmene ankayang'anira, ndinameza. Ndisanapeze china chonena, chitseko cha kutsogolo chinatseguka.

"Ndi phingo!" Mayi Nangozo anatsika akuloza. "Anena okha dzulo pamaso pa anthu. Phingo weniweni, wa mafumu. Anati amadziwa nkhalango. Onani thukuta lake pa bulauzi yanga!"

"Wallahi, ananena," Che Yusufu, amene anangozimva kwa anthu, anathira ndemanga.

Mgemuyo anandiyang'ana. "Bambo, phingo ndi woletsedwa. Wamkulu chonchi sapezeka m'munda mwa munthu, amachokera m'nkhalango yotetezedwa. Muli ndi chilolezo?"

"Si phingo, bwana."

"Mboni ziwiri zikuti munati ndi phingo."

"Ndinkangocheza."

"Ndiye mukachezere ku polisi ku Monkey Bay. Mvuu itsala pano."

Ine Damiano, amene ndakhala moyo wanga wonse ndikulumbira kwa azungu kuti ndi phingo, ndinaima pamsewu ndikulumbira pa Maria woyera kuti si phingo. Anandifunsa kumene ndikupita nayo. Nditatchula Madamu anamuimbira, ndipo foni ya mgemu anaiyankha msanga. Sipanapite nthawi anafika pa galimoto yake, ali ndi alendo awiri achizungu, mwamuna ndi mkazi, amene ankapita nawo kukaona anyani. Ndiye wogula wanga anaima apo, alendo ake apo, anthu a m'pikapu apo, onse akudikira.

Mgemu anati, "Ngati si phingo, tionetseni."

Ndinatulutsa kasemasema m'thumba. Ndinafuna kupala kumimba, kobisika. Mgemu anati ayi, polishi amapakidwa pa phingo yemwe, ndipale pamsana, ndilowe mkati. Ndinakhapa pamsana pa mvuu yanga, pamalo pamene ndinasalaza mpaka zala kutuluka matuza. Chibanthu chinagwa. Mkati munali moyera ngati chinangwa.

"Ndi nsangu!" ndinakuwa. "Nsangu ya m'munda mwa bambo anga! Anaigwetsa a sola! Mwakhutira? Kapena ndiing'ambe pakati muone ngati ili ndi matumbo?"

Mgemu ananunkhiza chibanthucho, n'kuseka koyamba. "Pitani nayo, bambo. Nsangu ilibe mlandu."

Mayi Nangozo ndiye anayaka moto. "Polishi! Ndikaimirira bwanji pamaso pa amayi anzanga? Munthu wamkulu, wa imvi, wonama pa dzina la mtengo!" Anafuna kundimenya ndi buku la nyimbo. Che Yusufu anamugwira.

Ine maso anali pa Madamu. Ndinkaona nkhwangwa ya amake Rozina, ndinkaona chipewa cha pulasitiki pamutu panga. Madamu anayandikira, anagwira bala la pamsana.

"A Damiano, mumayesa sindidziwa? Mvuu zonse za m'mbali mwa msewu zimanunkha nsapato. Koma mwati mtengowu anaugwetsa ndani?"

Ndinabwereza. Anatembenukira alendo ake n'kuwauza m'Chingelezi. Mzungu wamkazi anagwira pakamwa. Wamwamuna anagwada n'kusisita mtengo woyerawo ngati mutu wa mwana wodwala. Anati anaona magalasiwo podutsa ndipo mitima yawo inawawa. Madamu anandiyang'ana ndi diso la munthu wamalonda.

"Ndigula. Koma sindikufuna yakuda. Muchotse polishi yense, ikhale yoyera, alendo aziona mtengo weniweni umene unagwa."

"Yense? Mukudziwa kuti ndinapaka kangati?"

"Yense. Apo ayi bwererani nayo."

Ndinakhala ku loji masiku, kuseri kwa khitchini, ndikupala mvuu ndi magalasi a mabotolo osweka ndi sandipepa. Polishi akalowa mumtengo wowawula satuluka mwaulemu. Ndinapala mpaka mvuu inaonda. Nyanja ndinaiona pang'ono pakati pa zimbudzi ndi thanki ya madzi, ndi madzi basi. Chimene ndinaona bwino ndi denga la lojiyo. Magalasi a sola mbali yonse ya kuseri, kumene alendo sayang'ana. Kutsogolo anafolera udzu.

Nditamaliza anaiika pakhomo, yotuwa ngati yadwala. Madamu anati pa chakudya cha masana ndibwere ndiwafotokozere alendo mbiri ya mtengowo, iye azimasulira. Anandinong'oneza kuti ndilankhule mwachisoni. Anandiimika kutsogolo kwa azungu odya nsomba ndi mafoloko.

Ndinayamba bwino. Ndinanena za bambo, za nsangu, mmene inkagwetsera masamba nthawi ya mvula chimanga n'kukula pansi pake. Ankagwedeza mitu. Kenako mzungu wogwada uja anafunsa, Madamu n'kumasulira: "Akuti kodi simukulakalaka magalasiwo atachotsedwa, chigwa chibwerere mmene chinalili? Akuti iye anayenda ulendo wautali kudzaona dziko lopanda zinthu zimenezi."

Pamenepo chisoni chinandithera.

"Muwauze kuti ine sindine chithunzi. Munda unapita, nsangu inapita, sizibwera. Chimene ndikufuna ndi waya. Waya umodzi wokha, uchoke pamagalasipo ufike kwanga, mwana wanga awerenge usiku osapsa maso ndi tochi. Amene anayala magalasi sanandifunse. Amene akulira chifukwa cha magalasi sanandifunsenso. Onse amangofuna ndisunthe pang'ono kuti ajambule."

Madamu anamasulira. Zanga zinali zazitali, zake zinali zazifupi, ndipo azungu anati, "Ooo," mwachifundo. Ndinadziwa kuti wandiphika.

"Muwafunse kuti mowa umene akumwawo wazizira ndi chiyani."

"A Damiano, basi, zikomo."

Sanamasulire. Ndiye ndinamasulira ndekha. Ndinapita pa tebulo, ndinanyamula botolo la mzunguyo, ndinaligunditsa pa tsaya lake kuti amve kuzizira, ndinamugwira dzanja n'kumutulutsa kuseri, kudutsa pa zinyalala ndi pa zochapa, n'kumulozera padenga. "Sola," ndinatero. Chingelezi chimenecho ndimachidziwa. Anayang'ana denga, anayang'ana botolo, anafiira mpaka m'makutu. Kenako anaseka, n'kundipatsa botololo. Ndinamwa. Linali lozizira bwino, sindinama.

Madamu anandilipira msanga kwambiri, ndipo anauza dalaivala wake andiperekeze mpaka kumsewu waukulu tsiku lomwelo.

Kubwerera kunalibe nkhani. Munthu wopanda mvuu amayenda ngati mbalame. Ndinagulira amake Rozina usipa ndi chitenje, ndipo njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikamuuze. Ndinkafuna ndikafike pakhomo manja ali m'thumba, ndimufunse kuti nkhwangwa ija awaza nayo chiyani.

Ndinatsika pamphambano masana, n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa mpanda. Mkati anthu anali pamzere akutchetcha, maovolosi obiriwira, zipewa zachikasu. Ndinalavula. Ndiye ndinaona mmodzi wamfupi, ovolosi yapindidwa m'miyendo, akutchetcha mwaukali ngati udzuwo unamulakwira. Kamenyedwe kameneko ndimakadziwa. Anawerama, anaweramuka, anakankhira chipewa kumbuyo.

"Amake Rozina!"

Anabwera kumpanda osafulumira, chikwakwa chili paphewa.

"Mwabwera? Mvuu ili kuti?"

"Ndagulitsa! Ndinakuuzani! Ndiye ichi n'chiyani? Mukutani muno?"

"Kapitawo sadikira mvuu. Munachedwa, malo akanapita kwa wina. Ndatenga ine."

"Ndinalumbira pa manda a bambo!"

"Munalumbira inu. Ine bambo anga ali moyo ku Mtakataka."

Ndinakweza thumba la usipa kuti aone. Anayang'ana, anagwedeza mutu.

"Mwachita bwino. Mukauviike, ine ndiweruka mochedwa. Mbuzi sizinamwe. Ndipo musatsamire mpanda, alonda sakonda." Anayamba kubwerera, kenako anacheuka n'kundionetsa chikhatho, matuza okhaokha. "Chigwiriro cha chikwakwachi ndi cha pulasitiki, chikundidya. Poti ndinu katswiri, mundisemere cha mtengo."

Ndinamuuza kuti ine ndimasema nyama zimene zimakwera ndege kupita kunja, sindisema zigwiriro za akapolo a kampani. Ndinanena mokweza, anzake onse anamva.

Ndinasema. Ndinayeza dzanja lake ndi ulusi, ndinasalaza mpaka linalowa ngati linabadwira pomwepo. Anzake ataona anayamba kubwera mmodzimmodzi pakhomo, zikwakwa zili m'manja, ndipo dzulo wabwera kapitawo mwiniwake, mwana wa dzana uja, atavula chipewa, akuti, "Madala, tingapeze zingati pa sabata?"

Ndamuuza kuti abwere ndi waya kaye tikambirane. Akadali kuganiza. Ine ndikadali wokwiya, ndipo amene akufuna kuseka asekere patali, chifukwa kasemasema kali m'manja.